Matuza a Gavun

Nediljka anamva fungolo asanafike n'komwe pansi pa boti. Linali ngati la viniga wovunda wosakaniza ndi penti, ndipo linamukwera kukhosi mpaka analavula.

Botilo, Gavun, linali pazitsulo m'doko la ku Murter, likunyezimira mochititsa kaso. Mlongo wake Vicko anali khale pambali pake, akudya nsomba zootcha ndi zala zothimbirira penti.

"Achemwali, mwaiona nkhalamba yathu? Yasanduka namwali!"

Nediljka anayandikira botilo. Anayendetsa chikhatho pamimba pa boti ndipo anamva timabampu tofewa, mbali yonse. Anali matuza. Boti la faibagalasi, pulasitiki wolimba uja, likakalamba limamwa madzi, madziwo amawolera m'kati, khungu n'kutupa. Mankhwala ake ndi kulisenda n'kulisiya liume nyengo yonse yozizira. Koma Vicko, munthu wokonda zachidule chibadwire, anangomata pamwamba n'kupaka penti. Nediljka zinamunyansa.

Gavun anamujambula bambo awo pathebulo la kukhitchini, kale aliyense akukhoma maboti a matabwa. Anamupanga wowonda, wa chipsepse cholemera kunsi ngati cha nsomba, kuti azidula mafunde molimbana ndi mphepo. Anthu padoko ankaseka, amvekere beseni lochapira. Kenaka besenilo linayamba kuwasiya m'mbuyo pampikisano wozungulira zilumba za Kornati, chaka ndi chaka, makamaka mphepo ya bura ikalusa. Nediljka anaphunzirira pomwepo kuwongolera, ali mtsikana.

Tsopano Loweruka kunali mpikisano wa maboti akale, ndipo wowongolera anali Lucija, mwana wa Vicko yemweyo.

"Iwe Vicko, wamatira zowola," anatero Nediljka. "Pafupi ndi chipsepse pafewa ngati buledi wonyowa."

"Aaa, inunso! Tsiku limodzi lokha basi. Tikalandira chikho tidzakonza."

"Nanga bura akawomba?"

"Sawomba. Ndaona pafoni."

"Ndiye mwana wako umukweze pa mawu a foni? Ulibe manyazi iwe?"

Vicko ananyambita chala. "Mukufuna dzina la bambo lisamveke chaka chino? Anthu abwera kudzaona Gavun, osati mimba yake."

Apo ndiye panamupweteka Nediljka, chifukwa nayenso ankafuna. Anali atasita kale diresi lokaimira padoko. Ankalakalaka kuona thanga labuluu la Gavun likutsogola kamodzinso maso ake asanachite khungu. Anadzinyansa kuti kwa kanthawi anaganiza kuti mwina bura sawombadi.

Posakhalitsa anatulukira a Jerko, oyendera maboti asanaloledwe kupikisana. Vicko anawachingamira ndi kagalasi ka rakija, kachasu wa kumeneko. A Jerko anamwa, anazungulira boti dzanja limodzi lili m'thumba, n'kuimba kaluzu.

"Koma ndiye mwagwira ntchito, achimwene! Ili ndingolivomereza, palibe choona."

Nediljka anawerama n'kutola msomali pansi.

"A Jerko, tabwerani kuno. Magalasi anuwo muvale."

Anabaya thuza limodzi. Madzi abulauni, onanda, anafwamphuka n'kudontha pansapato ya a Jerko. Bamboyo analumphira m'mbuyo atagwira mphuno. Nediljka anabaya lachiwiri, lachitatu, akutsika mpaka pachipsepse, pomwe msomali unangolowa wonse osakana.

"Achemwali, mwapenga? Mukupha boti la bambo!" Vicko anakuwa mbale ya nsomba itagwa.

"Walipha ndiwe ndi burashi yako. Ine ndikungoonetsa anthu mtembo."

A Jerko anaika kagalasi pansi mwakachetechete. "Ili sililowa m'madzi," anatero, osayang'ana aliyense.

Loweruka kunacha bwino. Bura sanawombe ngakhale pang'ono, ndipo Vicko anaonetsetsa kuti doko lonse lamva zimenezo. Lucija anadutsa azakhali akewo osapereka moni.

Nediljka anakhala pampando pansi pa Gavun, chopalira chili m'manja, akusenda penti pang'onopang'ono. Mfuti yoyambitsa mpikisano italira kunyanja, dzanja lake linaima. Sanatembenuke kukaona matanga a maboti a eni ake.