Ogona Masiku Anayi

Mzime anafika kunyumba Loweruka m'mawa fayilo ili kukhwapa, mayendedwe ake ngati wa kalembera weniweni. Chaka chachiwiri cha ku yunivesite chinali chitamulowa m'mutu mtsikanayu. Ukati tomato wakwera mtengo, iye ankafunsa kuti wafunsa ogulitsa angati.

Aphunzitsi ake a kafukufuku, amene ophunzira anawatcha a Bwerezani, anapatsa aliyense fomu ya mafunso kuti akayesere pa banja limodzi. Anachenjezeratu kuti wolakwitsa ngakhale kabokosi kamodzi sadzapita nawo kukafunsa anthu m'makomo nthawi ya holide. Mzime ulendo umenewo ankachita kuulota. Ndiye anasankha banja losavuta, la kwawo komwe. Losavuta? Kaya!

Anawapeza amayi ake pa makina osokera, akupinda siketi ya kasitomala.

"Amayi, ndili ndi mafunso makumi awiri. Muli ndi ufulu wokana kuyankha."

"Ufulu undipatse iweyo m'nyumba mwanga? Funsa msanga, mwini siketiyi abwera masana."

"M'nyumba muno mumakhala anthu angati?"

"Asanu. Ine, bambo ako, achimwene ako, mkulu wako, ndi iweyo wamafunsowe."

Mzime anakonza kukhosi n'kuwerenga lamulo lolembedwa pamwamba pa fomu: munthu wa pakhomo ndi amene wagona m'nyumbamo masiku osachepera anayi sabata yapitayi.

"Achimwene sitiwawerenga, ali ndi nyumba yawo."

"Aa! Kukwatira ndiye kufa?"

"Achemwali nawonso amagona kunyumba za anamwino."

"Sukulu imeneyi bwanji? Anzanu amaphunzira kuwonkhetsa, inu mwalimbikira kuchotsera." Amayi anaduladula ulusi ndi mano, akuseka. "Chabwino, bwana. Lembani atatu."

Cholembera chinaima m'malere. Sabata yonseyo Mzime anagona ku hositelo, ndipo a Bwerezani ankadziwa bwino lomwe, poti ankamuona akuchokera komweko akuthamangira kalasi ya m'mawa. Kulemba atatu kunali kutsanzikana ndi ulendo. Mtima unamuwawa, si masewera ayi. Kuchotsa achimwene kunali kokoma, koma sanaganize kuti mpeni womwewo ufika pa iye.

"Awiri, amayi," anatero chapansipansi. "Inenso sindikukwana."

Makina anasiya kulira. Amayi anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuyeza diresi.

"Tabweretsa ndione."

Mzime analemba nambalayo n'kuwapatsa fomu. Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Kabokosi konseka n'kuikamo kanthu kakang'ono chonchi," anatero, n'kumubwezera. "Ndiwauza bambo ako kuti atakasuke, tatsala awiri ngati akwati. Pitiriza."

Mzime anapitiriza. Funso lachiwiri linali la zipinda zogona. Amayi anati zitatu, ndipo apa panalibe mkangano.

"Mwa zimenezi, ndi zingati zimene zikugwiritsidwa ntchito?"

"Chathu ndi chako. Chinacho ndinasungamo nsalu."

"Amayi, changa simugona munthu."

"Ndimasesamo m'mawa uliwonse. Ndimatsegula zenera, madzulo n'kutseka. Lachisanu ndimasintha zofunda, mwina ubwera." Anabwezera magalasi pamphuno n'kuyamba kufunafuna bowo la singano. "Kapena kusukulu kwanuko zimenezo si ntchito?"

Mzime anayang'ana fomu ija pamwamba mpaka pansi, anaitembenuzanso kuseri. Panalibe kabokosi kolembamo zimenezo.