Kaduwa ka Pansi pa Mpando

Bambo Horace Tapley anali munthu wabwino, koma anali wakuba. Sankaba za eni ayi, ankaba kapinga wa pakhomo pawo pomwe. Chaka chilichonse chisanu chikangotha ankatuluka ndi fosholo n'kumati akungowongola m'mphepete, koma kuwongolako kunali kusenga kapinga pang'ono kuti papezeke malo a duwa lina. Ana awo ali aang'ono ankamenyera mpira kuseri kwa nyumbako. Tsopano kapinga wotsala anali wongokwana mpando umodzi wa akazi awo, a Maud, ndi mapazi awo ngati awapinda bwino.

Chingwe choyanikira zovala chinalandidwa kalekale ndi maluwa oyanga. M'bafa munkagona timiphika ta mbewu zoopa kuzizira, moti munthu ankasamba mopepesa. Zonsezo a Maud anapirira. Koma pampando paja ndi pomwe ankamwera tiyi dzuwa likawala, ndipo pamenepo anaikapo lamulo.

"Horace, mundimvetse bwino. Tsiku lomwe ndidzaone chomera pa kapinga wangayu, ndikupita kwa Enid ku Whitby. Sutukesi ili pamwamba pa kabati apo, ndaipukuta kale fumbi."

Enid anali mng'ono wawo, mayi amene pakhomo pake anathira simenti paliponse mpaka kumpanda. A Horace akamuganiza ankamva kuzizira kumsana. Ndipo a Maud sanali munthu wonena chinthu kawiri.

Ndiye mu Ogasiti kunabwera chionetsero cha mbewu zosowa, chija chimachitikira pabwalo la nyumba yaikulu kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko sikubwera ogulitsa maluwa wamba. Kumabwera eni timanazale ta kutali, anthu oti moyo wawo wonse anaupereka ku mtundu umodzi wa chomera, ena mpaka nkhope zinayamba kufanana nacho.

"Tikungokaona basi," anatero a Horace pomanga nsapato. "Manja m'thumba."

"M'thumba ndi momwe mumakhala chikwama. Manja kumbuyo."

Pachipata kamvula kanali kakuwaza, ndiye aliyense pamzere anauza mnzake kuti kunja kwacha bwino kusiyana ndi chaka chatha. Chipata chitatsegulidwa palibe anathamanga, poti kuthamanga n'kopanda ulemu. Anangoyenda, koma kuyenda kwake abale! Agogo a ndodo ankapitirira achinyamata, zigongono zili pa ntchito, pakamwa pali "pepani, pepani." A Maud analondera amuna awo matenti awiri, kenako nsapato zinayamba kuwaluma. Analowa mu tenti ya tiyi n'kuwauza kuti abwere monga momwe apitira.

Tebulo lomaliza kwenikweni linali la mayi Brimble, mzimayi wa majombo aakulu ndi zikhadabo zakuda ndi dothi. Ukafuna kugula mbewu yake ankakuyang'ana ngati wabwera kudzafunsira mwana wake. Ankagulitsa masinodropu, timaluwa toyera toweramitsa mutu tija timatuluka mu Febuluwale, mwezi wa chisanu choopsa m'dziko lozizirali. Mu Ogasiti timakhala titagona pansi, ndiye patebulopo panali timiphika ta dothi lokhalokha, kalikonse ndi kachikwangwani ka dzina. Anthu anazungulira dothilo akugwedeza mitu, ena akuti, "Aa, koma kukongola!"

Kamphika kena kanali pakokha kumapeto, ndipo a Horace atawerenga dzina anawerenganso kachiwiri. Threadgold! Dzina limeneli ankangolimva m'manong'onong'o pa misonkhano ya olima maluwa, koma anali asanaonepo munthu amene analiona duwalo ndi maso. Nthawi yomweyo nzeru inawagwera, yoipa ndithu. Sinodropu amagona pansi nyengo yonse yofunda, nthawi yomwe a Maud amakhala panja. Amatuluka mu Febuluwale, a Maud ali m'nyumba pafupi ndi moto, mpando uli m'shedi. Akamadzatulukanso panja, masamba amakhala atauma kale. Pansi pa kapinga! Pansi pa mpando penipeni! Chomera chosaoneka ndani angachitche chomera?

Dzanja lawo linachoka lokha kumbuyo kuja. Litafika pa kamphikako linapeza dzanja lina, la bambo Cuthbert Pomfret, a nyumba yoyandikana nawo. Awiriwa ankapatsana moni tsiku lililonse pamwamba pa mpanda, ndipo aliyense ankapemphera kuti nkhono zidye mbewu za mnzake.

"Aa, a Pomfret! Tengani inu, akulu."

"Ayi ayi, a Tapley, mwayamba ndinu."

"Ine? Sindingayerekeze."

"Inetu ndimangokasuntha kuti kasagwe."

Pakamwa ankapatsana, koma zala zinali zitakanirira, mpaka kamphika kanayamba kulira. Mwambo wake ndi woti munthu akane kufikira mnzake atatopa. A Horace anauphwanya masanasana. "Chabwino, poti mwakakamira," anatero, n'kukoka. A Pomfret anafiira mpaka m'makutu, koma anati zikomo.

Mayi Brimble anawayang'ana kuchokera kuchipewa mpaka kunsapato. "Mukumudziwa ameneyu, bambo? Si sinodropu wamba, ali ndi khalidwe lakelake."

Akanakhala okha akanafunsa. Koma a Pomfret anali chilili pomwepo, khutu lili tcheru, ndipo kuvomera umbuli pamaso pa a Pomfret kunali bwino kufa.

"Mayi, ine ndinayamba kudzala zimenezi inu musanamere mano."

"Basi, nkhani yachepa," anatero mayi Brimble, n'kulandira mapaundi oti munthu wanzeru akanagulira jasi. Paja safunsa anadya phula.

Kamphika sikakanadutsa pamaso pa a Maud. Kuseri kwa tenti a Horace anakhutula dothi, anatola kaanyezi kake, kongofanana ndi chala chachikulu, anakakulunga m'kampango n'kukaika m'chipewa. Chipewacho anachivala mosamala. Mu tenti ya tiyi anapeza a Maud atakhala ndi abusa ndi akazi awo.

"Vulani chipewa, Horace, simukuona anthu?"

"Chimfine, mayi. Chandilowa m'mutu."

Anapereka moni khosi lili njo, ngati munthu wosenza ndowa yodzaza, ndipo keke anaidya osaweramira m'mbale, nyenyeswa zikugwera pa taye. Potuluka a Maud anawapisa m'matumba onse, anawasuzumira m'manja mwa jekete, anatsegulanso kumbuyo kwa galimoto. Munalibe kanthu. Mayiwo anafewa nkhope. "Lero mwayesetsa," anatero, ndipo anabwerera kukawagulira keke ina yoti akadyere kunyumba. A Horace anaidya ndithu, koma sanaimve kukoma.

Tsiku lomwe a Maud anapita kokonzetsa tsitsi, a Horace anadula kapinga wa pansi pa mpando ngati chivindikiro, anakwirira kaanyezi kaja, anabwezerapo n'kupondaponda mopepesa. Sanaone kuti pampanda panali diso la a Pomfret.

Apo m'pamene mavuto anayambira. Nanga mwendo wa mpando ukakaphwanya? Nanga agologolo, mbava zija zimafukula chilichonse chomwe munthu wachikonda? Tulo tinasowa. Ndiye anayamba kunyamula okha mpando m'mawa uliwonse n'kuukhazika bwinobwino. Tiyi ankabweretsa okha kuti a Maud asamadzukedzuke n'kuusuntha. Akapereka kapu ankagwada pamapazi pawo, akuti kuona ngati mpando wakhazikika, ndipo poti malo ena panalibe, ankangokhala pansi pomwepo kudikira agologolo. Munthu sungakhale pamapazi pa mkazi wako uli duu, ndiye ankacheza. A Maud anayamba kuwasimbira nkhani zomwe anazisunga zaka zambiri posowa womvera, kuphatikizapo yaitali ija ya mmene mwamuna wa Enid anatayira mano ake oikirira m'nyanja. Nkhani imeneyi inkapita pang'onopang'ono, ndipo a Horace anadabwa kuona kuti akufunadi kudziwa mathero ake.

A Maud anatulutsa diresi la buluu lomwe linali litaiwalika. Tsiku lina a Horace anawamva pafoni akuuza Enid kuti, "Bambo akunowa asinthatu, sindikudziwa chawalowa." Anamwetulira okha m'khitchini, akudziona ochenjera kuposa amuna onse a mu msewuwo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mu Okutobala kunacha tsiku lina la dzuwa. A Maud anakhala pampando pawo atafunda bulangeti m'miyendo, a Horace ali pansi monga mwa masiku onse. Kachipata kanalira, ndipo analowa a Pomfret atanyamula kamkeka kogwadira ndi kagalasi komangirira kundodo, kaja okonda masinodropu amaonera m'kati mwa duwa popanda kuligwira.

"Mwaswera bwanji, mayi Tapley? Musavutike kudzuka."

Anayala kamkeka, anagona chafufumimba, n'kulowetsa mutu kunsi kwa bulangeti lolendewera pampando. Kapu ya a Maud inaima m'malere.

"Katuluka, a Tapley! Bwerani muone, katuluka!"

"Chatuluka n'chiyani?" anatero a Horace ndi mawu a munthu wina. "Febuluwale sanafike."

"Febuluwale wa chiyani? Threadgold amatuluka mu Okutobala, akulu, kusowa kwake n'komweko. Paja munati mumamudziwa musanamere... ayi, ena asanamere mano."

Apa munthu wanzeru akanakana. Akanati a Pomfret apenga, akanawakoka miyendo n'kuwaponya kunja. Koma mawu oti "katuluka" anawagonjetsa a Horace, ndipo asanaganize n'komwe anali atagona chafufumimba nawonso. Nkhalamba ziwiri, mitu kunsi kwa mpando, kumbuyo kuli m'mwamba, zikulimbirana kagalasi. Kaduwako kanalipo ndithu, kakang'ono, koyera mbee, kataweramitsa mutu, ndipo m'kagalasi munaoneka kamzere kachikasu m'kati mwake. A Horace misozi inalengeza. Pakati pa mitu iwiriyo panali masilipasi a a Maud, ndipo masilipasiwo anachoka mwakachetechete.

A Horace atatulutsa mutu anapeza akazi awo ataimirira, bulangeti atalipinda kale. Sanakalipe. Kukanakhala bwino akanakalipa.

"Ndiye zimenezi n'zimene mumagwadirazi."

"Mayi, imani ndifotokoze..."

"Ine ndimati mukugwadira ine. Mpaka ndinauza Enid."

Analowa m'nyumba. Patapita kanthawi kunamveka phokoso la sutukesi ikutsitsidwa pakabati.

Manyazi anawagwira a Horace, manyazi enieni, ndipo pambuyo pake panabwera mantha. Anayang'ana mpando wopanda munthu uja n'kuona mmene udzaonekere mawa ndi mkuja. A Pomfret anali akadali pansi, akunong'oneza kaduwa kuti ndi kabwino. A Horace anakatenga fosholo.

"Mukutani? Sasuntha duwa likamachita maluwa, a Tapley, lifa!"

"Chotsani mutu."

Anakumba mozungulira, ananyamula chibuma chonse, kaduwa kakugwedezeka pamwamba, n'kuchiika m'manja mwa a Pomfret. Mtima unawawa ngati akuzulidwa dzino.

"Tengani."

"Aa, ayi ayi, ine sindinga..."

"Pomfret, mukakana kamodzi kokha ndikaponya mumsewu."

A Pomfret sanakane. Anthu a mumsewuwo mpaka lero amati ndi tsiku lokhalo lomwe anawaona akuthamanga.

A Maud atatuluka ndi jasi ndi sutukesi, anapeza dzenje la pansi pa mpando litakwiriridwa, koma fosholo inali isanapume. A Horace anali m'bedi la maluwa loyandikana ndi kapinga, thukuta lili kamukamu, akuzula mbewu zomwe anazisaka m'zionetsero kwa zaka zambiri n'kumaziponya mu wilibala.

"Tsopano ichi n'chiyaninso?"

"Malo a mpando wachiwiri," anatero a Horace osatukula mutu. "Mawondo anga atha, pansi sindingathenso. Komanso ya mano ija simunaimalize. Sindikudziwa ngati anawapeza."

A Maud anaima. Anayang'ana wilibala, anayang'ana dazi la amuna awo likunyezimira padzuwa. Kenako anaimika sutukesi pa kapinga n'kuikhalira, jasi osavula.

"Zulani chakumanzere uko. Cha minga icho. Chakhala chikunding'ambira masokosi chibwerereni."

A Horace anachiyang'ana. Chimenecho anachiyendera ulendo wa tsiku lathunthu mpaka ku Cornwall, ndipo m'chigawo chonsecho panalibe wina amene anali nacho. Anatsinzina n'kuponda fosholo.

"Sanawapeze," anatero a Maud. "Koma zimenezo n'zakutsogolo. Kumbani."

Sutukesiyo inakhala m'khonde yomangamanga mpaka kapinga watsopano atamera.