Nkhalamba ya ku Mwezi Ikhale Komaliza

"Ayi, gawo la chombo chosochera si lomaliza," anatero mayi Mwanamvua ali kuseri kwa zenera.

Sadik anaima ndi rimoti m'manja. Shedi ya kanema ya malemu bambo ake, Che Mustapha, inagundizana ndi nyumba, ndiye mawu a amayi ake ankangodutsa pa mpanda wa bango. Iwo anali pa eda, masiku aja mkazi wamasiye satuluka panja, koma makutu awo okha ankayenda paliponse.

"Amayi, nambala zake zilipo kale. Wani mpaka sikisi. Eni ake anakonza choncho."

"Eni akewo anayamba afikako ku Nkope?"

Che Mustapha anagwa pakhomo pa shediyo tsache lili m'manja, osadzukanso. Anasiya wailesi ya kanema, sola, mabenchi ndi kamemori khadi momwe munali kanema wakunja wa zam'tsogolo, magawo asanu ndi limodzi afupiafupi, lililonse nkhani yakeyake ndi anthu akeake. Mkuluyo anajambulirapo mawu ake, kumasulira m'Chichewa chothira Chiyao. Asodzi ankaonera masana asanakwere maboti, ndipo kanemayu sankatopa naye. Koma iwo sankatsata nambala. Ankayamba ndi sikisi, n'kubwerera m'mbuyo mosokoneza, kumalizira pa gawo la nkhalamba yokonza makina ku mwezi.

Sadik, wokonza mafoni ku boma la Mangochi, zinthu zosalongosoka zimamuyabwa. Ankawakonda bambo ake, koma pa nkhani iyi ankaona kuti anali kungouma mutu.

"Wadi akulowa m'madzi lero," anateronso amayi. Wadi anali mng'ono wake wa Sadik, msodzi wa usipa, ndipo aka kanali koyamba kubwerera kunyanja chichitikireni maliro. "Asapite ali ndi chombo chimenecho m'maso."

"Ndi kanema chabe, amayi."

Zenera linatsekeka pang'onopang'ono.

Asodzi analowa dzuwa likuswa mtengo, aliyense kupereka salamu pakhomo ngati mwini wake alipo. Wadi anakhala pa benchi yakutsogolo. Kanema atayamba, mawu a Che Mustapha anadzaza shedi yonse, ndi kachifuwa kawo kaja komwe. Palibe anaseka, ngakhale pamalo poseketsa. Wina anatembenuka kuyang'ana mpando wawo wa pakona, pomwe kofia yawo inali ikadali pa msomali.

Anaonera mzinda umene anthu amagulitsa maloto awo. Anaonera nkhalamba ya ku mwezi, imene inafika pakati penipeni monga nambala yake, ndipo anthu anayang'anana. Mkulu wina anang'ung'udza kuti, "Aaa, yabweranso msanga bwanji?" Sadik anangokhala ngati sanamve.

Kenaka linafika gawo la sikisi. Chombo chinali chitatayika pakati pa nyenyezi, nyali zake zikuzima imodziimodzi. Anthu a m'katimo ankaitana kwawo pa wailesi. "Tikuitana, tikuitana," ankamasulira motero Che Mustapha, mawu atatsika. "Kumtunda kuli ziii. Palibe akuyankha." Malata anali kuthetheka ndi kutentha. Nyali yomaliza inazima, sikirini n'kuda bii.

Asodzi anayamba kuimirira mwakachetechete. Wadi anatola jekete lake, nkhope ili gwa, osayang'ana munthu. Sadik anakweza rimoti kuti azimitse.

Mu sipika munamveka kupuma.

"Iwe wagwira rimotiwe," anatero mawu a Che Mustapha mumdima wa sikiriniwo, "kaya ndiwe yani, usawalole atuluke. Khalani pansi, achimwene. Munthu sapita kunyanja atatsirizira pamenepa."

Rimoti inagwa pansi, mabatire n'kumwazika. Mawu amenewa m'shedimo palibe anali atawamvapo, chifukwa mwini wake ankasintha gawo sikirini isanade. Mkulu uja anayamba kunong'ona pemphero la dua. Sadik anachita mantha enieni, mantha a mwana amene wagwidwa ndi bambo ake.

Anathamangira pa zenera. "Amayi! Mwamva?"

"Ndamva." Zenera silinatseguke. "Bambo ako anajambula mawuwo ine ndili pomwepo. Tsiku loyamba kuonetsa kanemayu anatsata nambala ngati iweyo. Mnzawo Simioni anatuluka m'shedimo akuseka, akuti tikuitana, tikuitana. Boti lake silinabwerere mpaka lero. Shehe anawauza kuti imfa ndi ya Mulungu, kanema sapha munthu. Iwo anavomera. Komabe anati munthu wopita pamadzi azinyamula nkhani ya wina amene wafika kwawo."

"Ndiye nditani?"

"Ukufunsanso? Tseka chitseko. Ika nkhalamba."

Pobwerera anapeza Wadi ali kale pakhomo, phazi limodzi panja. Sadik anamugwira dzanja, ndipo dzanjalo linali lozizira ngati la munthu wochokera m'madzi.

"Achimwene, nthawi yatha, anzanga akundidikira."

"Adikire. Khala pansi, Wadi. Chonde."

Sadik anatolera mabatire n'kuika gawo la nkhalamba. Asodzi onse anabwerera pa mabenchi popanda wowauza. Nkhalamba ija inaonekanso, ikumanga kachombo kake ndi zidutswa za makina otayidwa, zaka zikupita, tsitsi likuyera. Inatera pamunda wa kwawo, n'kuyenda wapansi mpaka pakhomo, ndipo inapeza chitseko chili chosakhoma, nyali ikuyaka. Apa m'pamene Sadik anamva anthu akupuma bwino. Wadi anapukuta m'maso ndi jekete.

"Wafikatu ameneyo," anatero Che Mustapha, akuseka pang'ono. "Nanunso mukafike, mubwereko."

"Amina," anayankha mayi Mwanamvua kuseri kwa bango, msangamsanga, ngati munthu amene wakhala akuyankha choncho masana aliwonse.

Sadik anakatsegula chitseko. Anakumbukira kuti bambo ake sankakhala pansi anthu akamatuluka, ndiye naye anaima pomwe iwo anagwera, n'kumagwira phewa la msodzi aliyense, kumutchula dzina. Amene sankawadziwa ankawafunsa. Wadi anatuluka komaliza, ndipo Sadik anachedwa kuchotsa dzanja.