Mawu a Amake Kanyerere

Pasukulu yathu ya mkaka pali lamulo limene ndinalilimbikira ndine: mwana satuluka pageti ndi munthu wachilendo pokhapokha kholo litaimba foni, ine n'kumva mawu ake ndi khutu langali. Kalata munthu angathe kulemba yabodza, ndinkatero pamisonkhano ya makolo, koma mawu sabwerekana. Ndinkayankhula monyada, manja ali m'chiuno.

Lachitatu lija foni inalira ana akudya. Nambala inali yachilendo, koma mawu anali a amake Kanyerere, kamtsikana ka zaka zinayi kamene tinakapatsa dzinali chifukwa chosunga nyenyeswa za buledi m'matumba. Ndani sawadziwa mawu a mayi ameneyu? Amagulitsa madiresi pa intaneti, tsiku lililonse kanema watsopano, kulongolola ngati wailesi.

"Aphunzitsi anga okongola, mwaswera? Foni yanga yagwera m'madzi, iyi ndabwereka ya mnzanga. Lero ndapanikizika, ndiye abwera amalume ake kudzamutenga. Avala shati yobiriwira."

Anaseka kuseka kwawo kuja kothera m'mphuno. Nanenso ndinaseka.

Bambo wa shati yobiriwira anafika cha m'ma 1 koloko, waulemu wake, nsapato zopukuta bwino. Kanyerere anamuyang'ana kamodzi n'kundigwira siketi.

"Sindikuwadziwa," anandinong'oneza.

"Iwe, usandichititse manyazi. Amayi ako anena okha."

Ndinachotsa tizala take pasiketi yanga kamodzikamodzi. Ndinamuberekesa chikwama, ndinamumanga chingwe cha nsapato chimene chinamasuka, ndipo alonda anatsegula geti. Mwanayo ankayenda akucheuka. Ine ndinamubayibitsa n'kubwerera m'kalasi.

Cha m'ma 3 koloko, ndikupukuta matebulo, amake Kanyerere analowa akuzunguza makiyi pachala.

"Aphunzitsi anga okongola! Kali kuti kabwana kanga?"

Ndinasiya kupukuta. "Si mwatuma amalume ake?"

"Malume uti? Kwathu tinabadwa akazi okhaokha."

"Mwaimba nokha, mayi. Mwati foni yanu yagwera m'madzi."

Anaitulutsa m'chikwama. Inali youma gwa, ikuyaka bwinobwino. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, ndipo ndinakhala pakampando ka ana.

Ahedi anabwera akuthamanga. Atamva nkhaniyo anagwira mutu. "Masiku ano kuli makina otengera mawu a munthu," anatero. "Kanema mmodzi ndi wokwanira. Ukangolemba zimene ukufuna, amayankhula ngati mwiniwake."

Alonda anali atatuluka kale, akufunsa ogulitsa zipatso panja pa geti ngati anaona kumene bambo uja analowera ndi mwanayo. Ahedi ankaimbira apolisi. Mayi uja sanalire, sanandikalipire. Anangoima patsogolo panga dzanja lili pakamwa, maso ali pa ine. Bola akanandimenya.

Kenako foni yanga inalira. Nambala yomwe ija. Ndinaika pasipika.

"Aphunzitsi anga okongola," anatero mawu a mayi amene anali du patsogolo panga, "musadandaule, mwana wafika bwino."

Kuseka kothera m'mphuno kuja kunadzaza kalasi yonse. Kutangotha, tonse tinamva kamawu kena chapatali, kofunsa mwachidwi, kopanda n'kulira komwe.

"Amayi, muli kuti? Ndikukumvani koma sindikukuonani."