Mawu a Wogulitsa Mbatata

"Bambo, mawu a pa tepi yanu ija ndi a ndani?"

A Shibano sanacheuke. Anali kumbuyo kwa kagalimoto kawo, akutembenuza mbatata pa miyala yamoto. Chisato, mwana wawo wamkazi, anaima pambali foni ili m'manja.

Kwa zaka makumi anayi, nyengo yozizira ikafika, kagalimotoka kankakwawa m'timisewu ta m'tauni, mkuzamawu ukuitana mokoka kuti mbatata yootcha yafika. Chaka chimenechi chinali chomaliza, pakuti dokotala anali atawauza kuti asiye kuyendetsa chifukwa cha maso. N'chifukwa chake Chisato anawajambula kanema n'kumuika pa intaneti, kuti ana ake adzamve agogo awo akuitana. Koma m'mawa mwake anapeza eni tsamba la pa intanetilo atamutseka pakamwa kanemayo. Kagalimoto kankayenda, utsi unkafuka, mawu zii.

"Akuti mawuwo ali ndi mwini wake," anatero Chisato. "Kampani ina ya ku Tokyo yogulitsa nyimbo zakale."

"Mwini wake? Nanga ine ndine ndani?"

"Ndi zomwe ndikufunsazo. Ndinudi?"

"Iwe, wakula ndi mawu amenewa. Sukuwadziwa bambo ako?"

Chisato anachita manyazi, koma chidwi chinamukulira. Kunena zoona, bambo akewo masiku ano ankalankhula mosasa ngati chitseko chadzimbiri, pomwe wa pa tepiyo anali ndi mawu osalala. Anafufuza pa foni mpaka anapeza chimbale cha kampaniyo. Pa nambala naini panalembedwa kuti: wogulitsa mbatata, dzina silikudziwika. Anatsegula.

A Shibano anasiya mbano, n'kusendeza khutu. Munthu wosadziwikayo ataitana kachitatu, anatsokomola pang'ono.

"Wamva?" anafuula mkuluyo. "Chimfine changa chimenecho! Chinandigwira sabata yonse."

Anafotokoza akuseka. Pa nthawiyo n'kuti ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Bwana Kuroiwa, amene ankabwereketsa magalimoto kwa ogulitsa mbatata, anawalowetsa m'kachipinda kosungiramo nkhuni n'kuwauza kuti aitane pa makina. Atatha anawapatsa botolo la mowa wa sake ndi pepala. Iwo anatulutsa chidindo cha dzina lawo, n'kudinda.

"Munaliwerenga pepalalo?"

"Pepala la bwana amaliwerenga? Umangodinda, n'kuwerama, n'kutuluka chambuyo."

"Ndiye bwanayo anagulitsa matepi?"

"Kwa aliyense wootcha mbatata, ndikuona. Ine ndinkati ndi yanga ndekha." Anakanda mutu. "Ndiye kuti ndagulitsa mbatata mpaka ku Sendai, komwe sindinapondeko? Taona pamenepo, anthu angati andimva?"

Chisato anawawerengera. Anali ochuluka kuposa anthu a m'tauni yawo yonse. Mkuluyo anangoti kukamwa yasa, wosakwiya n'komwe, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima mwana wawoyo.

"Mukusekerera? Akuberani, Bambo! Ngakhale dzina lanu sanalembepo."

"Mayi ako anandilola chifukwa cha mawu amenewa. Ukaipa dziwa nyimbo. Ine changa ndinapezapo kale."

"Nanga kanema wanga? Kudandaula kwa eni akewo kumatenga milungu, ndipo chidindo chanu chili pa pepala lawo. Galimotoyi mukuigulitsa Lamlungu."

A Shibano anafinya mbatata imodzi kuti amve ngati yapsa, n'kuibwezera pa miyala.

"Anagula a pa tepi," anatero. "A pakhosi panowa anagulanso?"

"Ayi."

"Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kwera."

Chisato anakwera, n'kuyatsa kamera ya foni. Bambo ake anazula tepi m'makina, n'kukoka maikolofoni yakale imene inali itachita fumbi. Anakonza kukhosi kawiri. Atakhota pa ngodya ya nyumba yosambiramo anthu, anaitana.

"Mbatataaa! Yootchaaa!"

Mawu anatuluka okhadzuka, n'kuthera panjira mpweya utawaperewera. Galu anauwa. Mawindo awiri anatseguka. Mayi Urabe, amene ankagula kwa iwo chiyambire ukwati wawo, anatuluka ndi kachikwama, nkhope ili ndi nkhawa.

"A Shibano, tepi yanu yawonongeka!"

"Sinawonongeke, mayi," anatero a Shibano. "Yakalamba."

Chisato anafuna kuseka, koma misozi ndi imene inayamba. Anagwira foni ndi manja awiri, ndipo bambo ake anakoka mpweya, n'kuitananso.