Chipinda Chopanda Makoma

Shopu ya kalipentala inabisala kuseri kwa nyumba za anthu, komwe ngakhale mbuzi yosochera sinkafika. Mabedi ankagona okha mumdima, mipando n'kumangoyang'anizana. Amene anamutsegula maso anali telala wa khomo loyandikana naye, mayi wa pakamwa posatopa.

"Achimwene, katunduyu mukusungira chiswe? Mutulutseni, akapitidweko mphepo kumsewu."

Kalipentala sanangotsamiritsa bedi pakhoma monga amachitira anzake. Pansi pa mtengo waukulu, pafupi ndi pokwerera basi, anayala chipinda chathunthu. Anaikapo bedi loyalidwa bwino, katebulo ndi mpando. Zenera analipachika panthambi ndi zingwe, telala n'kulisokera katani yoyera. Makoma kunalibe, denga linali masamba ndi mitambo. Kutsogolo anaimika chitseko m'felemu yake, chitseko chakale chobiriwira, chosupuka penti.

Anthu anayamba kuima. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene ankalowera m'mbali, ngakhale monsemo munali poyera. Onse ankazungulira mpaka pachitseko, ena n'kupukuta kaye nsapato. Chitsekocho chinali ndi khalidwe lake: ukangochikankha chinkakana, chimafuna uchinyamuleko pang'ono ndi chogwirira. Ankalimbana nacho akuseka mpaka mwini wake atabwera kudzawatsegulira.

Masana ankayenda pang'onopang'ono pamalopo. Katani inkafufuma n'kuphwa ngati ikupuma. Namwino wina wochokera kuntchito anakhala pabedi kuti angoyesa matiresi, n'kudzidzimuka tsamba litamugwera pamphuno, basi yake itapita kalekale. Ana asukulu ankasuzumira pazenera n'kumauyang'ana msewu womwewo ngati dziko lachilendo. Maoda anayamba kubwera, utuchi unabwereranso m'tsitsi la kalipentala.

Koma mtima wake sunali pa maodawo. Ankasowa mwana wake wamkazi, wachisamba, ndipo kumusowako kunkamuwawa ngati dzino. Mtsikanayo atasankha mwamuna wake, dalaivala wa malole, bambo ndi mwana anaponyerana mawu olemera. Iye anatuluka atalumbira kuti phazi lake silidzapondanso m'nyumba ya bambo ake. Anatengera bambo akewo kuuma mutu, choncho lumbirolo linagwira. Kalipentala ankangomva kwa anthu kuti kunabadwa mdzukulu, ndiponso kuti mayi wa mdzukuluyo amadutsa msewu womwewu pabasi popita kusikelo. Chitseko chobiriwiracho anachizula kuchipinda chimene mwanayo anakuliramo.

"Chitseko ichi n'zingati?" anafunsa mphunzitsi wina.

"Sichogulitsa, bambo. Ndikupangirani china chatsopano."

Telala anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndiye malonda amtundu wanji, oonetsa zosagulitsa? Achimwene, inu mukutchera munthu, osati kasitomala."

Kalipentala anangopitiriza kuchotsa masamba pabulangete.

Basi iliyonse ikaima, ankakweza maso. Nthawi zina ankaona ngati nkhope ya mwana wake pagalasi, koma basi inkanyamuka, fumbi n'kukhazikika. Akatopa ankakhala pampando uja n'kuwodzera, n'kumaona makoma akumera okha kuzungulira bedi, atapakidwa laimu, kamtsikana kakujambulapo nkhuku ndi khala.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, ali m'kuwodzera komweko, anamva kugogoda. Makasitomala sankagogoda. Anatsegula maso. Chitseko chinali chotseka, koma kunsi kwake kunkaoneka mapazi awiri, ndipo m'mbali mwa felemu munatulukira kamwendo ka khanda loberekedwa kumbuyo.

"Odi."

Kalipentala anawazindikira mawuwo. Anati adzuke kuti akatsegule, koma mlendoyo sanadikire. Chogwirira chinatembenuka, chitseko chinanyamuka pang'ono, n'kutseguka mosavuta, chikulira kulira kwake kwakale. Dzanja limenelo silinaiwale.

Mwana wake anaima pakhomo, osalowa.

"Ababa, ndinalumbira kuti m'nyumba mwanu sindidzalowamo."

"Nyumba yake iti, mwanawe? Ukuona khoma pano?"

Mtsikanayo anayang'ana kumanja, komwe njinga zinkadutsa. Anayang'ana kumanzere, komwe telala anaima chigwirire sizasi, kukamwa kuli chete koyamba chibadwire. Anayang'ana kumwamba, tsamba likutsika mozungulira. Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka misozi.

Analowa. Anamasula nsalu n'kugoneka khandalo pakati pa bedi, ndipo kalipentala anaona mphuno yake yomwe pankhope yaing'ono yogona tulo.

"Mwanayu angazizidwe," anatero kalipentala. "Tseka chitseko."

Mwana wake anabwerera n'kuchinyamula pang'ono, n'kuchitseka bwinobwino, mphepo ikulowa mbali zonse.