Manja Ofiira a Bambo a Shamim

Musandiuze kuti anthu a kuseri kwa msika wa Chelstone sankawadziwa manja a amuna anga. Ankawadziwa! Zaka makumi awiri a Ayuba akunyika nsalu mu utoto pakhonde pathu, manja ofiira mpaka m'zigongono, ndipo palibe mayi wa mumzere mwathu amene sanavalepo chitenje chawo. Ine Shamsia mtima umandiwira ndikamva wina akuti, "Sitinadziwe."

Mwana wathu Shamim anamwalira ndi kolera mu Januwale, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri, Lachinayi tinali kumanda. Kuchipatala anati ndi madzi a pachitsime. Koma chitsime chathu n'chovundikira, chimbudzi chili patali. Nanga zonyansazo zinalowera pati?

A Ayuba yankho anali nalo. Kumtunda kwa komboni yathu kuli kamtsinje kamene kamayenda pang'ono n'kulowa m'dzenje la miyala, osaonekanso. Killian, woyendetsa galimoto yopopa zimbudzi za ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ankakhuthulira katundu wake pamenepo chifukwa cha ulesi wopita kumalo oyenera. Masanasana, wopanda ndi manyazi omwe.

Pamsonkhano wa zamadzi a Ayuba anaimirira n'kunena kuti miyala ya pansi pa Lusaka ndi yobowokabowoka, zothira m'dzenje muja zimatulukira m'zitsime mwathu. Anthu anaseka. Killian, amene nyumba yake ya mpanda ndi geti ili mumzere wachitatu kuchokera kwathu, anaseka kuposa onse.

"Ba Ayuba, dzenje lili uko, chitsime chili kuno. Manzi yali na mendo? Bwelelani ku nsalu zanu."

Lachisanu m'mawa ndinawapeza akusungunula utoto wofiira wonse umene tinali nawo, zigubu zinayi.

"Bambo a Shamim, mwapenga kodi? Awuzeni kaye anthu."

"Ndinawauza ndi pakamwa, anandiseka. Tsopano aone ndi maso."

Analakwitsa pamenepo, ndipo ine ndinalakwa powasiya. Anakweza zigubuzo pa wilibala, anakathira m'dzenje muja, n'kupita kumzikiti osauza munthu.

Loweruka dzuwa litangotuluka kunabuka mfuu. Ndowa iliyonse yotuluka m'chitsime inali psuu, ngati madzi otsukira nyama. A Ayuba anathamangira pamsewu atakweza manja, akuseka, misozi ili chuchuchu.

"Mwaona? Ndine ndathira utoto kudzenje kuja! Mwaona kumene watulukira?"

Woyamba kuzindikira zimene madziwo akunena anali Killian. Ndinamuona nkhope ikusintha. Anatola njerwa.

"Wavomela yekha! Wafaka poizoni mu vitsime! Onani manja yake!"

Njerwayo inawapeza pakamwa, mano awiri anagwera pafumbi. Kenako aliyense anafuna gawo lake. Wina anazula thabwa pabenchi ya tomato, wina anabwera ndi mpini wa khasu. Ng'andu wometa tsitsi, amene pa maliro a Shamim ananyamula nawo thupi, ankawaponda pamutu ndi jombo. Ndinadzigwetsa pamwamba pawo ndikukuwa kuti ndi utoto wa nsalu, anthu inu, ndi utoto! Anandikoka ndi mpango wakumutu, wina n'kundipatsa chibakera pakhutu, mpaka lero limalirabe. Ndinamva mkono wawo ukuthyoka ngati nzimbe. Kumbuyo wina anali atayamba kale kugubuduza tayala.

Ndiye anatulukira Petronella, mkazi wa Killian, mwana ali lende kumsana, ndowa ili pamutu. Anadutsa pakati pa anthu osayang'ana munthu, n'kumukhuthulira mwamuna wake ndowa yonse. Killian anafiira kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ba Killian, aya manzi natapa pa chitsime chathu. Chili mu mpanda, geti yokhoma, kiyi ni iyi pa chitenge changa. Aba amdala analowa bwanji? Yankhani!"

Petronella analoza mwana amene anali kumsana kwake.

"Emmy watsegula m'mimba kuyambila dzulo. Mwana wanu wamwa zamene mutaya kudzenje!"

Kenako anthu omwewo, ndi matabwa omwewo, anatembenuka. Killian anathawa mutu utang'ambika, magazi ndi utoto zitasakanikirana. Tayala lija linakayaka pansi pa galimoto yake, ndipo fungo limene linatuluka itaphulika thanki linagona m'komboni masiku atatu. Sindinasangalale, musaganize dala. Ine ndinali pafumbi, ndikutolera mano a amuna anga.

A Ayuba anatsirizikira m'minibasi tisanafike kuchipatala, mutu wawo uli pamiyendo panga.

Apolisi anatipatsa thupi Lolemba. Pofika tsikulo akhonsolo anali atatchinga dzenje lija ndi waya, ndipo madzi a m'zitsime anali atayeranso mbee, koma panalibe woyerekeza kumwa. Ife Asilamu maliro timasambitsa ndi madzi oyera. Shehe Abdul Hamid anatunga ndowa pachitsime chathu, anayang'anamo, n'kupukusa mutu.

"Awa sangasambitse munthu."

Komboni yonse, zitsime zoposa makumi atatu, panalibe ngakhale chimodzi choti n'kusambitsira munthu amene anafera madziwo. Anachita kukatunga pampopi kutali, ku Emmasdale.

Atamaliza, shehe anatuluka n'kuima chapatali ndi mkeka umene ndinakhalapo. Kunja kwa mpanda kunali anthu a mumzere mwathu, mitu ili pansi, Ng'andu ali pomwepo.

"Mayi a Shamim, tawasambitsa katatu. Magazi onse achoka. Koma manja akana."

"Asiyeni choncho, shehe," ndinatero. "Ndipo musanawakulunge m'nsalu yoyera, aitaneni awo ali panjawo alowe mmodzimmodzi. Adzaonenso manjawo."